Mawotchi Akabwerera M'mbuyo, Iwe Usabwerere

Lewisham, Lachisanu masana

Tiyanjane mwana wanga,

Kalata iyi uipeza m'thumba la jekete, ndipo ndikudziwa kuti ukuiwerenga sitima itanyamuka kale, nyumba za London zikuthawira m'mbuyo pawindo. Ndachita dala. Ndikanakuuza pamaso ukanandiyankha ndi Chizungu chako chothamanga chija, chomwe chimandipitirira ndisanakoke mpweya, ndipo mlandu ukanaupambana ngati masiku onse. Ndalembanso m'Chichewa dala, kuti uwerenge pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ngati mwana wa sitandade thuu. Panopa wapita kumashopu kukagula bulangete lachitatu, poti wina wakuuza kuti ku Scotland anthu amauma ali m'tulo. Ndiye mpata ndili nawo.

Nkhani yako ndaimva. Usavutike kufufuza wandiuza, ukumudziwa kale. Munthu wofuna kusunga chinsinsi sauza amayi ako aakulu a ku Zomba. Akulu anga aja chinsinsi chimawatentha m'kamwa ngati mbatata yootcha. Akuti wagula kale tikiti yobwerera kuno kumapeto kwa Okutobala, sabata yomwe mawotchi amabwezedwa m'mbuyo ndi ola limodzi, kuti udzaime pambali pa bedi langa ndi kapu ya madzi. Akutinso walemba kale uthenga wopempha yunivesite kuti ikusungirenso malo chaka china, wangotsala kuutumiza ukadzangomva ndatsokomola pafoni. Tiya, anthu aja anakusungira malo chaka chatha pamene ndinkachitidwa opaleshoni, ndipo anakuuza momveka kuti kachiwiri sizidzatheka. Ukautumiza uthengawo, malo apita. Ndiye tamvera, mwana iwe: usabwerere.

Tiye timuone kaye mdani amene ukumuopayu. Munthu ukupita kukaphunzira kumanga milatho, yoti magalimoto aziyenda pamwamba pa madzi, ndipo ukufuna kutaya zonsezo kuti ukhale mlonda wa kapiritsi kochepa kuposa njere ya nyemba. Ntchito yake ukuidziwa kuposa ine, poti unawerenga mapepala onse omwe anatipatsa kuchipatala, mpaka timalemba ting'onoting'ono takuseri. Khansa yomwe inandilanda bere lamanzere ndi ya mtundu wodya mahomoni achikazi, ndiye kapiritsika kamaimana chakudya, kuti ngati panatsala kambewu penapake kasamere. Kamodzi patsiku, tsiku lililonse. Basi. Ndawerenganso pepala lija m'mawa uno, palibe pomwe analemba kuti pafunika injiniya woimirira pambali.

Chaka choyamba nditafika m'dziko muno, iwe usanaganiziridwe n'komwe, palibe anandiuza kuti azungu amasuntha nthawi. Ine mphunzitsi wa masamu, wa digiri yanga, ndinkadziwa kuti dzuwa ndi dzuwa, teni koloko ndi teni koloko. Lamulungu lina la Okutobala ndinadzuka, kuvala, kukwera mabasi awiri mpaka ku Tottenham komwe tinkapemphera muholo yobwereka, n'kupeza chitseko chokhoma. Ndinaima panja mphepo ikundisenda, mtima ukundiuza kuti mpingo wagawikana usiku ine osauzidwa, poti mipingo yathu kugawikana sichedwa. Kenako kunatulukira bambo wina wosunga makiyi, n'kundiyang'ana ngati waona mngelo. Akuti chibadwire sanaonepo Mmalawi wofika ola lathunthu mapemphero asanayambe. Anandipatsa mipando kuti ndiyale. Sabata yotsatira abusa analengeza paguwa kuti mlongo wathu wodziperekayu ndiye aziyang'anira mipando, ndipo ndinayala mipando zaka ndi zaka, manyazi akundiletsa kuulula kuti kudziperekako kunali umbuli. Pamipandopo ndi pomwe ndinadziwana ndi malemu bambo ako, amene ankafika ulaliki uli pakati mpaka ndinayamba kuwasungira mpando wakumbuyo. Ukuona? Choipa chachikulu chomwe ola la azunguli linandichitapo ndi msana wopweteka ndi mwamuna wochedwa. Iweyo ndiwe mwana wa ola limenelo. Ulipatse ulemu, koma usaliope.

Ndikudziwa chomwe chikukuluma. Ndi Lamulungu lija la chaka chatha, ndipo tiye tilikambe bwinobwino, chifukwa iwe umalikumbukira ngati tsiku lomwe amayi ako anatsala pang'ono kufa, pomwe ine ndimalikumbukira ngati tsiku lomwe ndinagwidwa ndi apolisi awiri nthawi imodzi.

Nditangoyamba mankhwalawa, inu awiri munagawana ntchito osauzana. Amayi ako aakulu analumbira kuti aziimba foni eyiti koloko m'mawa uliwonse, eyiti ya kwawo, kuti amve ndi makutu awo ndikumeza. Iwe unatchera alamu seveni koloko, seveni ya kuno. Kuno kukakhala nyengo yotentha, kwathu kumatsogola ndi ola limodzi lokha, ndiye zonse zinkalira pamodzi: foni ya ku Zomba uku, iwe pakhomo ndi madzi uko, ine pakati ngati mkaidi. Zinkayenda ndithu. Koma ku Malawi sakhudza wotchi. Anthu a kwathu ali ndi mavuto ambiri, koma lolimbana ndi dzuwa sanalitole. Tsiku lomwe kuno anabweza mawotchi, akulu anga anaimba eyiti koloko yawo yomwe ija, kuno ili sikisi, kunja kuli bii. Anandifunsa ngati ndamwa. Ndinati mwana sanadzuke. Iwo akuti, "Kodi kuchipatalako anakudulanso manja?" Ndinapapasa paketi mumdima, kumeza, iwo n'kuyamika Ambuye n'kunyamuka wa kutchalitchi, ine n'kubwerera m'bulangete. Seveni itakwana pafoni yako yanzeru, yomwe inadzisintha yokha osapempha aliyense, unalowa, kundigwedeza, kundiika kapiritsi m'dzanja. Munthu wa tulo sakana. Ndinameza.

Tinazindikira tikumwa tiyi, nditangoti akulu anga lero alawirira. Zotsatira zake ukuzikumbukira. Unakhuthula paketi patebulo, kuwerenga, kubwereza, kenako unaimba nambala ya kuchipatala ukulira, ine ndikupaka majarini pabuledi poti njala siidziwa ngozi. Namwino anafunsa mafunso ake, n'kunena kuti kuwonjeza kamodzi chonchi si nkhani yoitanira ambulansi, tingoona mmene ndikumvera, ndikaona chachilendo tiimbenso, mawa ndimwe limodzi monga mwa masiku onse. Mawa linafika, ine ndili bwinobwino, ndikukangana ndi makina ochapira. Koma kuyambira tsiku limenelo nkhope yako inasintha, mwana wanga. Unayamba kundiyang'ana ngati dzira lomwe laikidwa m'mphepete mwa tebulo.

Tsono phunziro la tsiku lija unalitenga chozondoka. Iwe ukuti amayi sangasiyidwe okha mawotchi akamasintha. Ine ndikuti, ndikanakhala ndekha m'nyumba muno tsiku limenelo, ndikanamwa limodzi. Wotchi sinalakwe, kapiritsi sikanalakwe. Ndinalakwa ndine, polola anthu awiri ondikonda kundigwirira chinthu chomwe chimadutsa pakhosi panga. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ine ndinavumbwa ndili ndi madenga awiri, lina la ku Zomba, lina la chipinda choyandikana nacho. N'chifukwa chake ndinakulanda paketi sabata yomweyo, iwe n'kutsala ndi udindo wofunsa. Ndipo wafunsa, mwana iwe. Wafunsa kubafa, wafunsa ndili pabasi, wafunsa mpaka pakati pa pemphero. Usabwerere kudzafunsanso.

Cholakwa china sunachione, chifukwa ndinachichita mobisa ndiponso mwaukatswiri. Malichi atayandikira, nthawi yoti mawotchi alumphenso kutsogolo, umphunzitsi unandidzukira. Ndinati thupi lisadzidzimuke. Ndizisuntha mankhwala pang'onopang'ono, mphindi khumi tsiku lililonse, kuti Lamulungu likamafika ndikhale nditalimeza kale ola lonselo osamva kuwawa. Dongosololi ndinaliona lokongola ngati samu yotuluka popanda chotsala. Tsiku lachitatu mphindi yoikikayo inandipeza ndili mutiramu, kasitima ka m'misewu ya ku Croydon, ndikupita kuntchito kunyumba yosamalira okalamba ija. Ndinakhala maso ali pawotchi, kapiritsi m'dzanja, botolo la madzi pakati pa maondo, kudikira kuti ikwane ndendende. Ndinameza pa nthawi yake, inde. Podzutsa mutu, siteji yanga ndaidutsa kalekale, ndili kumalo komwe sindinafikeko chibwerere m'dziko muno. Ndinachedwa kuntchito, ndipo agogo ena achizungu omwe ndimawasambitsa, amene sadziwa ngakhale chaka chomwe tili, anandiuza mosapsatira kuti atsikana a masiku ano ndi aulesi. Ndinawathokoza chifukwa cha mawu akuti atsikana.

Sabata yomweyo ndinali ndi tsiku lokaonana ndi anamwino a ku Zambia aja, a kukiliniki ya mawere, omwe umati amaseka ngati akutsamwa. Ndinawafotokozera samu yanga ndi kunyada konse. Anavula magalasi, kupukuta misozi, n'kunena m'Chinyanja chawo cha ku Lusaka kuti, "Imwe amai, muzivutisa chabe. Aka kamankhwala kalibe nkoloko m'mimba." Akuti si ine woyamba, odwala ambiri amabwera ndi nkhawa yomweyo nyengo ngati imeneyi, kungoti wobwera ndi samu yonse ndinali ine. Anandifotokozera kuti mankhwala a mtundu wanga amakhalitsa m'thupi, sathera pa ola lomwe ndinamwa dzulo, ndiye ola limodzi kutsogolo kapena kumbuyo silisintha kanthu. Akamati tizimwa nthawi yofanana tsiku lililonse, cholinga chachikulu n'choti munthu azolowere, asamaiwale. Mawotchi akasintha, ndingotsatira wotchi yatsopano ngati mmene basi imachitira. Ndikaiwala n'kukumbukira pasanapite nthawi, ndimwe; ndikakumbukira la tsiku lotsatira litayandikira, lapitalo lapita, osaphatikiza awiri. Dokotala atalowa ndinamufunsanso yekha, poti mphunzitsi sakhulupirira yankho la munthu mmodzi. Anati n'chimodzimodzi. Alipo mankhwala ena omwe ola ndi nkhani yaikulu, ena mwa iwo ndimawapereka ndi manja angawa kuntchito ndipo sindisewera nawo. Anga sali m'gulu limenelo. Lemba penapake, a injiniya.

Ngati ukufuna chinthu choti uzindiopera, ndikupatse chenicheni, chifukwa wotchi ndi chidole. Mdani weniweni wa mankhwalawa ndi kutopa nawo. Amandiyatsa ngati mbaula ndili pabasi, thukuta kamukamu mu Januwale, azungu ondizungulira atavala zikhoti. Maondo amalira pamasitepe ngati chitseko cha malata. Miyezi ingapo ndinangokhala chete, ndikuganiza kuti munthu wopulumuka saloledwa kudandaula, ndipo kukhala cheteko kunali kupusa. Nthawi imeneyo ndi pomwe Mayi Banda a kutchalitchi, aja a chipewa chachikulu, anandikokera pambali n'kundiuza kuti Mulungu anandichiritsa kale, kupitiriza mapiritsi n'kumukayikira. M'mawa mwake ndinaiyang'ana paketi nthawi yaitali. Osati kuti mutu unavomereza ulaliki wawo, ayi, koma maondo anali ataomba kale m'manja. Ndinameza ndithu, ndi mkwiyo, n'kuimbira anamwino aja kuwauza zonse zomwe ndinkabisa. Anandidzudzula chifukwa chochedwa kunena, anandithandiza ndi za maondo, n'kuti tiyese kusamutsira mankhwala madzulo. Ndinakuuza kuti ndasintha chifukwa cha mashifiti. Chifukwa chenicheni ndi chimenechi. Lamulungu lotsatira Mayi Banda anabweranso kudzamva zipatso za uphungu wawo. Ndinawafunsa mwaulemu wonse kuti, "Mayi, Mulungu yemweyo anakupatsani maso. Nanga magalasi mwavalawo, mukumukayikira?" Mpaka lero amandipatsa moni ndi chipewa chokha.

Ndiye ukapita uko, chinthu chikakuwawa, nena msanga. Kaya ndi phunziro lakukanika, kaya ndi kuzizira kwalowa mumtima, kaya ndi mnyamata wolankhula zambiri. Usadikire miyezi ngati amayi ako. Ndipo munthu akakuuza kuti usiye chinthu chokuthandiza pofuna kuonetsa chikhulupiriro, uyambe wamuyang'ana pamphuno.

Panopa zinthu zili chonchi, kuti mtima wako ukhale pansi. Ndinagula kabokosi ka zipinda za masiku a sabata, ndimakadzaza Lamulungu tikachoka kutchalitchi. Kamakhala pashelefu yakuchipinda, pafupi ndi mswachi, poti ine mswachi sindisiya kubafa ngati anzako achizungu. Mano ndakhala ndikutsuka madzulo aliwonse kuyambira iwe usanabadwe, ndipo sipanafunikepo alamu kapena foni yochokera kunja kwa dziko. Ndikatsuka, ndimameza. Chipinda cha Lachiwiri chikakhala chopanda kanthu ndiye kuti Lachiwiri ndamwa, aimbe wa ku Zomba, aimbe wa ku Scotland, aimbe mngelo. Amayi ako aakulu ndinawapatsa lamulo: aziimba nthawi iliyonse yomwe afuna, ya kwawo kapena ya kuno, koma ya miseche yokha. Akangotchula piritsi ndimadula. Anakwiya masiku awiri, lachitatu anaimba ndi nkhani ya mkazi wa m'busa wawo. Lamulo lomwelo likukhudza iwe kuyambira lero. Undiimbire undiuze kuti aphunzitsi ako amalankhula Chizungu chanji, kuti wapeza kuti ufa, kuti ndani wakuyang'ana kawiri. Ukafunsa ngati ndamwa, udzamva foni ikulira yokha.

Usaganize kuti ndaiwala, Tiya. Mkono utakana kukwera pambuyo pa opaleshoni, ndiwe unkandisambitsa, ukuyang'ana kukhoma kuti ndisachite manyazi, ukuimba nyimbo zakwaya molakwitsa mawu kuti ndiseke. Masabata onse omwe ndinkapita kowotchedwa ndi makina a kuchipatala aja, ndiwe unkakhala pabenchi panja ndi jekete langa pamiyendo. Anzako anapita kuyunivesite, ankatumiza zithunzi, iwe unkazitseka msanga ndikalowa. Ndinkaona. Unagwira ntchito ya munthu wamkulu uli mwana, unaigwira bwino, ndipo lero ndakuchotsa ntchito. Palibe kuchita apilo.

Tamvetsa ichi, chifukwa ndi chomwe ndakhalira pansi kulemba zonsezi. Matendawa anandilanda bere lomwe unayamwa. Anandilanda tulo, anandilanda chaka chathunthu, ananditembenuza kukhala nkhani ya m'mapemphero a anthu omwe sankandipatsa moni. Zonsezo ndinalola, poti sanandifunse. Koma sukulu ya mwana wanga sadya. Apo ndiye ndakana, ndipo ndakana ndi mano onse. Ukabwerera kuno kudzandilondera, ndiye kuti khansa yapeza njira ina yolowera m'nyumba muno, yavala nkhope yako, yanyamula kapu ya madzi. Ine sindiitsegulira. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo dziwe lino lachepa, lili ndi chipinda chimodzi chosambira.

Ukafufuza m'chikwama upeza kuti kiyi wa nyumba palibe. Sanagwe. Ali m'thumba langa, ndidzakubwezera pa Khirisimasi ukadzagogoda ngati mlendo, utanyamula mphatso ndi zotsatira za mayeso. Tikiti ya Okutobala ija uisinthe ikhale ya Disembala. Ukachita makani n'kubwera ndithu, udzacheza ndi chitseko, chifukwa Loweruka la sabata imeneyo ine ndili ku ukwati wa mwana wa mnzanga wakuntchito, ndipo tikagona komweko. Diresi ndasoketsa kale, lotseguka pakhosi, telala anadabwa. Kabokosi ndi mswachi zidzakhala m'chikwama changa. Ola lowonjezera lomwe azungu adzatipatse usiku umenewo, lomwe iwe ukuliona ngati chigawenga, ine ndidzalivina.

Koma ndikulonjeze chinthu chimodzi, ndipo apa sindikuseka. Ukuopa kuti china chikadzachitika ndidzakubisira, chifukwa umandidziwa. Sindidzatero. Akadzaona chilichonse pondiunika, kaya chachikulu kaya chaching'ono, udzamva tsiku lomwelo, kuchokera pakamwa panga, amayi ako aakulu asanamve n'komwe. Tikadzafika pamenepo tidzakhala pansi ngati akazi awiri n'kuona chochita. Koma tsoka lomwe silinabwere sitiliyalira mphasa. Pakali pano madokotala akuti zili bwino, ndipo ine ndasankha kuwakhulupirira kuposa nkhope yako.

Tsopano tulutsa foni. Inde, panopa, usadikire kuti ufike. Tsegula uthenga uja wolembera ayunivesite, uufufute wonse, ndipo ukafufutenso komwe zofufutidwa zimakabisala, poti ndikudziwa kuti mafoni anuwa sataya chinthu kamodzi.

Madokotala anandilembera zaka zisanu za kapiritsika, mwina adzawonjeza, tidzaona. Chimodzi ndakhoza kale. Zatsala zinayi, ndipo digiri ya kumene ukupitako ndi zaka zinayinso. Ndiye tili kalasi imodzi, mnzanga. Ine sindijomba. Ndikadzangomva kuti iwe wajomba chifukwa cha ine, ndidzakwera sitima yomwe wakwerayo, ndi maondo anga olirawa, kudzakukokera m'kalasi ndi khutu anzako onse akuona.

Ndatha kulemba, koma sindinathe ine,

Amayi ako